Ndinasiya Makina Osokera, N'kusankha Matambula

Pa adzukulu onse amene tinakhala pamphasa tsiku logawa katundu wa malemu agogo, amene anapita patali ndi sukulu ndinali ine. Ndi ine yemwenso amene ndinachoka pamenepo nditasenza makatoni awiri a magalasi, ndipo mpaka lero ndikubweza ngongole ku banki m'khonde ya amayi a kuno kwa Kameza. Nkhaniyi inafika kale pa siteji ya akabaza, ndipo kumeneko akuithira mchere wambiri: ena akuti ndinkasunga bomba m'khola la nkhuku, ena akuti ndinkafuna kukhwima. Bola muimve kwa mwini wake.

Agogo aamuna anali mtchona. Anapita ku Salisbury, komwe akuluakulu ankati ku Halale, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chisanayambe n'komwe mu 1953, ndipo anakhala zaka zambiri akuphikira banja lina la azungu, monga ankachitira Anyasa ambiri masiku amenewo. Chitaganya chitatha kumapeto kwa 1963, abwana awo anamanga katundu kubwerera ku Mangalande, n'kuwasiyira khukhi wawo zimene zinakanika kulowa m'mabokosi. Agogo anakulunga zonse m'mabulangete, kukwera sitima ya njanji yolowera ku Beira, kusintha n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, mpaka kudzatsikira ku Limbe. Ulendo wonsewo sanaswe ngakhale kapu imodzi.

Agogo aakazi anaziika zonse m'kabati ya pabalaza, kiyi wake n'kumangirira pa nsonga ya chitenje. Kabatiyo inkatsegulidwa pa Khirisimasi, pa chinkhoswe, ndi tsiku limene abusa abwera kudzacheza. Ife ana tinkamwera thobwa m'makapu a pulasitiki odyeka m'milomo, maso ali pa kabati. Ukangoika chala pa chitseko chake, mbama inkakupeza usanachichotse. Mwana woleredwa chotero sangakule akuganiza kuti m'kabatimo muli ziwiya wamba.

Chinandimaliza ndi foni. Agogo ali m'chipatala, ine ndi amene ndinkagona panja ndi anzanga odikirira odwala, ndipo usiku ndinkathera bandulo pa pulogalamu ya BBC yotchedwa Antiques Roadshow, imene yakhala ikuulutsidwa kuyambira 1979. Anthu amabwera ndi zakale za m'nyumba mwawo, akatswiri n'kuwauza mtengo. Imene inandilowa m'mutu ndi nkhani ya mayi wina wa ku Scotland amene anagula mphika wa maluwa wagalasi pa paundi imodzi yokha pamsika wa zakale, osadziwa kuti unapangidwa ndi René Lalique wa ku France. Mu 2008 mphikawo unagulitsidwa pa mtengo woposa mapaundi 30,000. Ndinachulukitsa ndi mtengo wa kwacha, manambala n'kutsala pang'ono kusefukira pa foni. Kuyambira usiku umenewo, Mulungu andikhululukire, pakamwa pankapempherera agogo kuti achire koma maganizo ali pa nsonga ya chitenje.

Maliro atatha, titameta, amalume monga mwini mbumba anatulutsa katundu pabwalo. Panali makina osokera a Singer, njinga, wailesi, bedi ndi matiresi ake, mbuzi, ndi kabati ija.

"Mphwanga, iwe ndiwe mdzukulu woyamba, komanso wavutika nawo kuchipatala. Loza chimene ukufuna."

Ndinatsokomola pang'ono, n'kuyankha modzichepetsa kuti ine za chuma ayi, ndingotenga timagalasi ta m'kabatimo kuti ndizikumbukira agogo. Amayi aang'ono anapukuta msozi. Mayi a kunyumba ananditsina m'nthiti, maso ali pa makina osokera, koma ndinalimba.

"Nanga kabati yake?"

"Chimtengo chimenecho chingotidzazira nyumba, amalume. Atenge ena."

Achemwali anatenga makina, alamu anakweza kabati pa ngolo, ine n'kumawamvera chisoni chamumtima kuti anthu osawerenga amavutikadi.

Usiku, ana atagona, ndinayala zonse patebulo n'kuzilemba m'kope. Munali matambula afupiafupi 12 a mizere m'mbali, iliyonse ili ndi nambala pansi pake. Munali mbale yobiriwira ya miyendo itatu, mbale ina yofiirira imene ukaitembenuza imaonetsa mitundu ya utawaleza, kapu yagalasi yokhala ndi nkhope ya Mfumukazi Elizabeth ndi chaka cha 1953 chimene anavekedwa ufumu, mabakuli awiri a Pyrex, ndi botolo lina lolemera, lojobedwajobedwa thupi lonse, lokhala ndi chotsekera chagalasi. Botolo limeneli ndi limene agogo ankasungunuliramo Sobo pa Khirisimasi, ndipo ine sindinaliwerengere kwenikweni. Mtima wanga unali pa kapu ya Mfumukazi, poti mwini nkhope anali atamwalira mu 2022, komanso pa matambula a manambala aja. Ndinkati chinthu chikalembedwa nambala ndiye kuti anapanga zowerengeka.

Chinsinsi ndinangouza munthu mmodzi, wometa tsitsi wa pafupi ndi raundabauti. Pasanapite nthawi kunyumba kunafika mkulu wina wa jekete la bulauni, chikwama m'manja, kagalasi kokuzira zinthu kakulendewera m'khosi. Anati amayenda Malawi yense, Tete mpaka Chipata, kusaka zakale: simbi zamakala zokhala ndi tambala pamwamba, makobiri obowola pakati a nthawi ya chitaganya, nyale za m'sitima. Anati azungu amazifuna chifukwa muli mekyule wofiira. Zoti mekyule wofiirayo kulibe padziko pano, ndi bodza limene atsizinamtole akhala akudyera m'maiko ambiri, ndinadzazidziwa madzi atafika kale m'khosi.

Anatola tambula imodzi, kuinunkhiza, kuigogoda ndi bolopeni, kenako kuyandikizapo foni yake.

"Bigi, mwaona? Netiweki yatsika. Izi si zoseweretsa izi. Mwauzako ndani?"

Kwathu netiweki imatsika ngakhale uyandikize foni pa mtondo, koma tsiku limenelo ndinaona ndi maso anga kuti yatsikadi.

Anatsitsa mawu. Anati ali ndi mzungu wa ku Joni amene atere pa Chileka mwezi ukamatha, ndipo chofunika ndi K180,000 ya makina oyezera ndi pepala la umboni, komanso chinthu chimodzi choti akaonetse. Dzanja lake linalunjika pa kapu ya Mfumukazi. Apa ndiye ndinati ndimuonetse kuti sakuchita ndi mwana. Ndinamulanda kapuyo, n'kuyang'ana patebulo kanthu kakang'ono kuposa zonse, koti katasowa sindingadandaule. Ndinazula chotsekera cha botolo la Sobo lija n'kumupatsa. Anachiyang'ana mokhumudwa, ine n'kumaseka chamumtima kuti ndamuchenjerera.

Ndalama ndinalibe. Ndinauza mayi a kunyumba kuti ku Chirimba kwapezeka malata otchipa, akatenge ngongole ku banki m'khonde yawo, tibweza mwezi ukatha. Anakatenga m'dzina lawo, pa chiwongoladzanja cha K20 pa K100 iliyonse mwezi ndi mwezi.

Amene mumakudziwa kwa Kameza mukudziwa kuti ndege zokatera ku Chileka timazimva bwinobwino. Iliyonse ikalira ndinkatuluka panja, nthawi zina mbamu ya nsima ili m'manja, kuiperekeza ndi maso. Ndinafika mpaka pokaona malo ku Ngumbe oti ndidzamangepo nyumba za lendi. Mwezi unatha. Nambala ya mkulu uja inayamba kuyankhidwa ndi mayi uja wonena kuti siikupezeka. Wometa anati munthuyo samudziwa bwinobwino, anangobwera kudzametetsa ndevu.

Ine ndinati vuto langa ndi kudalira anthu, tsopano ndiziyeza ndekha. Ndinawerenga kuti magalasi ena akale amawala ukawaunika ndi kanyale ka buluu kaja koonera ngati ndalama ili yeniyeni. Chakumadzulo ndinasenza katoni kupita pa shopu ina ya pamsika pomwe ali nako. Matambula, zii. Kapu ya Mfumukazi, zii. Titaika mbale yobiriwira ija, inachita kuti ngwee, kubiriwira kwake kochita kuthobwa m'maso, miyendo yonse itatu ikuyaka. Mtsikana wogulitsa anakuwa n'kuthawira kuseri kwa matumba a shuga. Mayi wina amene anadzagula sopo anayamba kudzudzula ziwanda m'dzina la Yesu. Anthu anadzaza pakhomo.

M'gulumo munali aphunzitsi ena a sayansi a ku sekondale, oyandikana nafe nyumba. Anasuzumira n'kutchula mawu amodzi okha: yureniyamu.

Ine kumva choncho, mutu unathamangira ku Kayelekera, mgodi wa ku Karonga uja umene kampani ya Paladin ya ku Australia inatsegula mu 2009. Ngati azungu anawoloka nyanja ndi zimakina kudzakumba miyala imeneyi, nanga ine amene ndili naye woyengayenga, wa miyendo itatu? Anthu ena onse kumva mawu omwewo, mitu yawo inathamangira ku mabomba. Pofika kunyumba n'kuti mbiri itandipitirira kale. Mayi a ana anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Inu abambo, chinthu chimenecho sichilowa muno. Chikalowa, ine ndi ana tikagona kwa amayi ku Machinjiri. Ndipo poti mwaima pomwepo, malata aja ali kuti?"

Mbale inakagona m'khola la nkhuku. Ine ndinagona pampando.

M'mawa aphunzitsi aja anabwera kudzazimitsa moto umene anayatsa. Anafotokoza kuti kuyambira zaka za m'ma 1830 opanga magalasi ku Bohemia, komwe lero ndi dziko la Czech, ankathira yureniyamu pang'ono m'galasi kuti lituluke lachikasu kapena lobiriwira, ndipo pambuyo pake mafakitale a ku England monga Davidson ndi Bagley anapanga mbale zotere zambirimbiri za m'nyumba za anthu wamba. Nthawi zambiri yureniyamuyo sapitirira magawo 2 pa 100, ndipo mphamvu imene amatulutsa ndi yochepa moti mbale yongokhala pashelefu sivulaza munthu. Chofunika n'kusaipala, kusadyera yobenthuka, ndi kusasungiramo zowawasa. Ku America anasiya kupanga pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma litatenga yureniyamu yense, n'kudzayambiranso kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Ndinamvetsera zonsezo mwaulemu, kenako n'kufunsa funso limodzi limene linkandisowetsa tulo. Anaseka. Anati okonda zotere aliko, amazisonkhanitsa chifukwa cha kuwalako, koma poti zinapangidwa zochuluka, mbale wamba yonga yangayi mwina ingagule thumba la chimanga, osati nyumba za lendi.

Nkhuku sizinafe. Koma mazira athu anthu anasiya kugula.

Amalume atamva za chipwirikiticho ananditumizira uthenga kuti safunsa anadya phula, ndisiye kuchititsa mtundu manyazi, ndipite ku Chilomoni kwa madala ena, mkulu wa mpingo mnzawo, amene anagwira ntchito m'bala ya hotela ina yaikulu m'tauni kuyambira nthawi ya Kamuzu mpaka kupuma. Ndinati ndisapite ndi zinthu zakuda. Botolo lija linali ndi chifunga mkati, ndiye ndinatereka madzi pambaula, atabwata ndinawakhuthulira momwemo, kuthiramo mchenga wodzaza dzanja, n'kuyamba kukhutchumula. Ndinamva kaphokoso kakang'ono, thi! Ndinayang'ana, sindinaone kanthu, ndinapitiriza.

Mu minibasi ndinalipira mipando iwiri kuti katoni ikhale pambali panga. Pa Chirimba kondakitala anati mpando ndi wa anthu, katoni ipite kumbuyo. Pa Chemusa anakwezapo thumba la mbatata. Tisanafike pa Mbayani tinagwa m'dzenje, ndipo Mfumukazi, imene inawoloka Zambezi bwinobwino, inathera pamenepo. Matambula 12 aja sanabenthuke ndi imodzi yomwe, zimene zinandilimbitsa mtima kuti amenewa ndiye chuma chenicheni.

Madalawo anandilandirira pakhonde. Anasamba m'manja, kuyala thaulo patebulo, kuvala mandala, n'kuyamba ndi matambula. Anatembenuza imodzi n'kumwetulira.

"Duralex. Awa ndawatsuka moyo wanga wonse, mwana wanga. Ndi a ku France, kampani yake inayamba mu 1945 ndipo ikupangabe mpaka lero. Ana a sukulu kumeneko amamwera omwewa chifukwa sasweka wamba. Amawawotcha n'kuwaziziritsa mwadzidzidzi kuti alimbe."

"Nanga manambalawa, bambo?"

"Ndi nambala ya chikombole. Tambula ikatuluka yopindika, adziwe chikombole chimene chalakwa."

Kenako anandigwira chala n'kuchiyendetsa m'mbali mwa mbale yobiriwira. Panali kamzere kotukuka kochokera pamlomo mpaka pansi, kamene maso anga anali asanakaonepo. Anati umenewo ndi msoko. Galasi lotere amaliumba monga timaumbira njerwa: kuthira phala lamoto m'chikombole, kupsinja, kutsegula, kuthiranso lina, tsiku lonse. Pokumana mbali za chikombole pamatsala msoko, ndipo maluwa ake ukawakhudza amakhala obuntha, osalala. Mbale ya utawaleza nayonso inali ndi msoko wake. Mdzukulu wawo, mtsikana wa ku yunivesite, anaipeza pa foni. Amaitcha carnival glass. Kampani ya Fenton ya ku America inayamba kupanga cha m'ma 1908, ena n'kutsanzira mpaka ku England, Australia ndi India, ndipo zambiri zinkangoperekedwa ngati mphoto pa masewera a pachionetsero. Za kapu ya Mfumukazi, imene ndinaitulutsa zidutswazidutswa m'nyuzipepala, madala anati ndisalire: zokumbukira chaka chimenecho anapanga zochuluka zedi, m'nyumba zambiri za ku Britain zilimo mpaka pano. Ma Pyrex anati ndikaphikiremo.

Anati ndisadzione ngati ndili ndekha. M'makabati a ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa mwadzaza zomwezi, ndipo ukafuna kudziwa zaka zake uyambe wafunsa kumene mwini wake anayenda. Zina zinachokera ku Halale ndi makhukhi, zina ku Joni ndi anyamata a Wenela, makamaka 1974 isanafike, chaka chimene ndege inagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, Kamuzu n'kuimitsa ulendo wa ku migodi. Zotsalazo anthu ankagula ku Kandodo ndi ku PTC pa malipiro a Disembala, kapena kulandira pa ukwati. Eni ake ankazikhomera ndi kiyi osati chifukwa ndi zodula, koma kuti mlendo akabwera asamwere momwe amwera ana. Ine ndinaona loko n'kuganiza za banki.

Botolo linali pansi pa katoni, ndipo ndinalitulutsa pongofuna kumaliza mwambo. Madala atalinyamula anasiya kuyankhula. Analiyeza kulemera m'manja. Anayendetsa chala m'mizere yake n'kundiuza kuti ndichite chimodzimodzi. M'mphepete mwa mizereyo munali mwakuthwa, mochita kukanda khungu, ndipo msoko panalibe paliponse. Anati uku ndiye kusema: munthu anakhala pansi ndi gudumu lonolera n'kumadula mzere umodziumodzi. Kulemerako ndi mtovu. Ku Ulaya, kuti galasi litchedwe lead crystal limayenera kukhala ndi mtovu magawo 24 pa 100 kapena kuposerapo, luso limene George Ravenscroft anatchuka nalo ku London m'zaka za m'ma 1670. Mtovu womwewo ndi umene umaliwalitsa, n'kulifewetsa kuti lisemeke. Analitembenuza, kuuzira mpweya pansi pake, n'kulipendeketsa padzuwa. Pa nthunzi ya mpweyawo panatuluka timalemba totuwa: Stuart, England.

Mtsikana uja anawerenga pa foni kuti a Stuart anali a ku Stourbridge, dera lotchuka ndi magalasi osema, ndipo fakitale yawo inatsekedwa mu 2001. Mtima wanga unayambiranso kugunda.

"Ili ndiye galasi," anatero madala. "Otere kuhotela tinkatulutsa pakabwera nduna. Chotsekera chake chili kuti?"

Ndinayang'ana phiri la Michiru.

Anandionetsa pakhosi pa botolo, pomwe panali nambala 14 yolembedwa ndi nsonga yakuthwa. Anati chotsekera chilichonse ankachipala kuti chikwane botolo lake lokha, n'kulemba nambala imodzi pa zonse ziwiri kuti zisasokonekere m'fakitale. Cha botolo lina chimagwedera, ndipo wogula wodziwa amayamba wayang'ana manambalawo asanafunse mtengo. Kenako analigogoda ndi chikhadabo kuti ndimve kulira kwa galasi lenileni. Linangoti gu. Anagogodanso. Analikweza padzuwa, ndipo tonse atatu tinauona mng'alu, kuchokera paphewa kutsikira m'mimba, ndi zokandika za mchenga mkati monse.

"Unaliika madzi otentha?"

"Ofunda chabe, bambo."

"Ofunda." Anavula mandala n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Mayi aja alisunga zaka 60."

Anati galasi lotere limadana ndi kutentha kwadzidzidzi. Amalitsuka ndi madzi ofunda enieni, viniga pang'ono ndi mpunga wosaphika, basi. Chifunga chikakana kuchoka ndiye kuti chinadya kale galasi, mchenga sungathandize. Ndipo chakumwa sachigonetsamo masiku, chifukwa mtovu umasungunukira momwemo.

Poti manyazi anali atandithera, ndinafunsabe: likanakhala lathunthu, ndi chotsekera chake, bwenzi zili zingati? Mtsikana uja anandionetsa chinthu chimene mabandulo anga onse sanandionetse. Pa eBay ine ndinkayang'ana mitengo imene ogulitsa akuitanira, yomwe munthu angalembe iliyonse imene walota. Iye anatsegula pa zimene zinagulidwadi. Mabotolo a Stuart athunthu ankapita pa mapaundi makumi ochepa, osakwana n'komwe ngongole imene ndinatenga. Anati ku Ulaya achinyamata safunanso magalasi a agogo awo, poti sangawatsukire m'makina otsukira mbale, ndiye adzaza m'mashopu a zachifundo. Komanso wogulayo ali ku Birmingham, botolo lili kwa Kameza. Yotumizira yokha, ndi yolikulungira kuti likafike lamoyo, ingadye phindu lonse. Chimene wogula amalipira ndi dzina la wopanga, kusowa kwa chinthucho ndi uthunthu wake, ukale pawokha ayi. Mayi wa ku Scotland uja amamuonetsa pa kanema chifukwa zake zija sizichitikachitika. Anzake mazanamazana amene anaima naye pamzere atanyamula ma Duralex awo, kamera sinawajambule.

Sindinakhulupirirebe mpaka tsiku lina ndikudutsa mumsika wa Limbe, pomwe amayala ziwiya zakaunjika zochokera kunja. Pa lona wina, pakati pa mapoto ndi zidole, panali matambula osema, akuthwa m'mphepete, opanda msoko. Ndinawayendetsa chala mwaukatswiri, kuwauzira mpweya pansi, mpaka mayi wogulitsa anandifunsa ngati ndikugula kapena ndikuwalodza. Mtengo umene anatchula unali wochepa kuposa umene ndinalipira mipando iwiri ija, kupita ndi kubwera.

Amayi a banki m'khonde anabwera Loweruka m'mawa, gulu lonse, n'kukhala pakhonde mwaulemu, ena akusenda nandolo. N'kuti ngongole itabereka kale ana. Ndinawatulutsira makatoni kuti asankhe cha chikole. Asungichuma ataona mbale yobiriwira anasuntha mpando. Ananyamula wailesi yakanema ndi njinga yanga yopitira kuntchito.

Achemwali makina aja akusokera mayunifolomu a ana a ku Machinjiri, ndipo mu Seputembala anandibwereka ya fizi ya mwana osanena kanthu, chimene chinawawa kuposa akanati anene. Alamu kabati ija anaipala vanishi wakale, n'kupezeka kuti ndi mlombwa weniweni, matabwa athunthu amene masiku ano sapezeka wamba. Kalipentala wina wa ku Ndirande anawapatsa ndalama zimene sanandiuze, koma malata a nyumba yawo ndi atsopano. Kwathu ma Duralex tikumwera tiyi m'mawa uliwonse. Mbale yobiriwira inabwerera m'nyumba patachitika zokambirana, ili pamwamba pa wadiropu. Botolo mayi a ana amaikamo maluwa apulasitiki, mng'alu ataulozetsa kukhoma.

Pempho langa ndi limodzi. Mukakumana ndi mkulu wa jekete la bulauni ndi kagalasi m'khosi, kaya ku Lunzu, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa, za K180,000 musamufunse, ndinazilira kale. Mungomuuza kuti chotsekera chagalasi cholembedwa 14 sichikwana botolo lina lililonse, akachisiye kwa wometa wa pafupi ndi raundabauti ya Kameza. Amalume alengeza kuti tsiku lovundukula chiliza cha agogo akufuna kuona katundu yense wa m'kabati ali patebulo, wathunthu.